Mikwamba Itatu ya Chingwe

A Isake anali munthu wodziwa kumanga. Mbuzi zawo akazimangirira pachikhomo zinkadya udzu wa pamphuno pokha. Mtolo wa nkhuni akaumanga iwo, womasula ankayamba wafunafuna mpeni. Anagwira ulonda pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ngakhale fosholo sinasowepo m'manja mwawo, chifukwa chilichonse chokhala ndi pokoloweka iwo ankachikoloweka n'kuikapo loko. Mlamu wawo, mayi Ellen, ankawaseka kuti mkulu wake sanathawe banja chifukwa nayenso adamangidwa mfundo ziwiri.

M'chaka cha 1997 a Isake anali mlonda wa masana pa kanyumba ka pampu, m'mphepete mwa damu lalikulu la esiteti. Damulo linali lalitali, litagona pakati pa mudzi ndi minda ya tiyi. Othyola tiyi akafuna kupita kuntchito ankalizungulira, ulendo wa ola ndi theka, mame ali chuu m'miyendo. Zinali choncho mpaka pamene kunabwera Che Salehe.

Che Salehe anachokera ku nyanja ya Chilwa, nyanjayo itauma. Anafika pa lole ya mbale wawo wonyamula nthochi, ali ndi akazi awo, mphasa ziwiri, ndi boti lamatabwa. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Boti m'mapiri a Thyolo! Ena ankati mwina akufuna kuumbiramo njerwa. Koma mkuluyo anakapempha kwa manijala, manijala anavomera, ndipo pasanathe mwezi onse oseka aja ankaima pamzere m'mamawa, madengu kumsana, kudikira kuwoloka. Ulendo wa ola ndi theka unasanduka wa mphindi khumi. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa.

Botilo linali lokalamba. Analikhoma ndi bambo awo a Che Salehe, ndipo miyezi imene linakhala pamatope ouma a Chilwa dzuwa linaling'amba m'malumikizo. Linkadontha. Aliyense wokwera ankapatsidwa chitini kuti azikapa madzi, ndipo mayi Ellen sankatopa kudandaula kuti amalipira kuti anyowe mapazi. Che Salehe ankangomwetulira n'kumapalasa. A Isake, ali pakhomo pa kanyumba kawo, ankasilira kapalasidwe kameneko. Nkhafi inkalowa m'madzi osamveka, boti n'kumabwera mowongoka ngati likukokedwa ndi ulusi. Iwo sankadziwa kusambira, ndipo madzi opitirira m'mawondo ankawaona ngati mdani.

Chimodzi chokha ndi chimene chinkawapweteka mutu: kamangidwe. Che Salehe akatsitsa anthu kutsidya la minda, ankatenga chingwe n'kukamanga kumtengo wa bulugama kumtunda, kenako n'kutambasula manja katatu, kusiya mikwamba itatu ya chingwe ili lende. Boti linkangoyendayenda pamadzi ngati galu wopanda mwini.

“Che Salehe, chingwe chanuchi chagona,” anatero a Isake tsiku lina. “Kokani pang'ono, katundu azimva kuti wamangidwa.”

“Chisiyeni chigone, achimwene,” anayankha Che Salehe. “Chikadzuka chokha.”

Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo a Isake anali munthu wosakonda kufunsa kawiri. Nkhani inathera pomwepo, aliyense ndi nzeru zake.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ngati ili ndi mlandu ndi anthu. Januwale yense kunali mvumbi, ndipo mu Febuluwale nthaka inakhuta, madzi n'kumangoyenda pamwamba. Tiyi anaphuka mokondweretsa makapitawo, koma misewu ya m'minda inasanduka phala. Che Salehe anayamba mwambo watsopano. M'mawa uliwonse ankazika kabango pamene madzi alekezera, ndipo mawa lake ankapeza kabangoko kali m'madzi, n'kuzika kena kumtunda. A Isake ankaona zonsezi, koma ankati ndi zochita za anthu a kunyanja.

Lachisanu lina, atawolotsa othyola tiyi, Che Salehe anamanga boti monga mwa masiku onse, anavala mkanjo wawo woyera, n'kuuyamba wa kumsikiti pa sitolo za kumsewu. Anali asanafike patali pamene kumapiri kunada bii. Mvula imene inagwa sinali ya madontho, inali yokhuthula. Mitsinje iwiri yothira m'damu inatsika yofiira, itanyamula makungwa a nthochi, zitsa ndi mitengo yathunthu. Zinyalalazo zinakatseka ngalande yotayira madzi kukhoma la damu, ndipo mphepo inayamba kulikankha boti uku ndi uku kumapeto a chingwe chake chogona chija.

A Isake anaima pakhomo mtima uli m'mwamba. Boti la mnzawo, chuma chokhacho chimene munthu anapulumutsa kunyanja youma, chizivina chonchi pamaso pa mlonda? Chingwe chikaduka, anthu adzati a Isake anali pomwepo akuyang'ana. Anavala pulasitiki wawo, anatenga unyolo wa kampani ndi loko wamkulu, natsika masitepe a simenti a kanyumbako. M'munsi mwa masitepewo munali mphete yachitsulo yokhomedwa mu simenti, madzi akungoinyambita. Analikoka boti ndi mphamvu zawo zonse mpaka mutu wake unagunda sitepe. Anapisa unyolo m'mphete ya kumutu kwa boti, anaupisanso m'mphete ya pansi ija, anakoka mpaka unyolo unati gwa, natseka loko. Boti linaima chilili ngati mbuzi yodikira mpeni.

Tinene zoona, a Isake anakondwa. Anabwerera m'kanyumba, anatseka chitseko, nayamba kukonza m'mutu mawu odzawauza Che Salehe, mawu ofatsa, osanyoza, ongowaonetsa kuti anthu a kumapiri nawonso ali ndi kanthu kophunzitsa. Safunsa adadya phula.

Patapita ola ndi kanthu anamva kulira kwachilendo pansi pa phokoso la malata, ngati chitseko chakale chikutsegulidwa pang'onopang'ono. Anasuzumira panja. Masitepe anayi anali atamira. Madzi ankalinyamula boti, unyolo n'kumalikaniza. Kumbuyo kwake kunali m'mwamba, mutu uli chozyolikira, ndipo matabwa a kumutuko ndi amene ankalira. Mbuzi ukaimanga pafupi, nthaka siikwera nayo. Zimenezi a Isake anazizindikira pamenepo, mochedwa.

Sanaganize kawiri. Munthu woopa madzi a m'mawondo uja anatsika masitepe mpaka madzi anafika m'chifuwa. Anagwira unyolo ndi dzanja limodzi, anakoka mpweya, namiza mutu kufunafuna loko m'madzi amatope. Anamupeza. Anapisa kiyi. Koma unyolo unali utakungika ngati chitsulo chimodzi, ndipo loko anakana. Anavuuka, anatsokomola, anamiranso, napotokola ndi mphamvu. Kiyi anathyokera momwemo.

Nthawi imeneyo othyola tiyi anali atawatulutsa m'minda chifukwa cha mvula, ndipo anafika padamu, amayi ngati makumi awiri, madengu ali pamitu m'malo mwa maambulera. Mayi Ellen ataona mutu wa imvi uli m'madzi anaponya dengu.

“Alamu! Mwapenga kodi? Tulukanimo! Mukufuna mkulu wanga avale zakuda chifukwa cha matabwa?”

“Ndalimanga ndine!” anakuwa a Isake, madzi akutuluka m'mphuno. “Ndalipha ndine boti la eni ake!”

Amayiwo analumikiza zitenje zitatu n'kuwaponyera, koma iwo anakana kugwira. Ankakoka unyolo ndi manja, ngati kuti simenti ingamve chisoni.

Ndi pamene Che Salehe anatulukira, akuthamanga, nsapato zili m'manja, mkanjo woyera uja utasanduka wa katondo. Anaima pamwamba pa masitepe. Anayang'ana boti, anayang'ana unyolo, anayang'ana a Isake. A Isake anadikira mawu amene anayenera kuwamva, ndipo akanawalandira onse. Koma mkuluyo anatsika, anawagwira pamkono, nanena motsitsa.

“Achimwene, yambani mwatuluka. Boti lili ndi matabwa ambiri, inu muli ndi chifuwa chimodzi.”

Atawakhazika pasitepe youma, Che Salehe analowa m'madzi naika chikhatho pamutu wa boti, ngati munthu womva kutentha kwa mwana. Anafunsa ngati pali sowo yodulira chitsulo. Inalipo, koma kugalaja ya fakitale, kutsidya la mtsinje umene tsopano sunkawolokeka. Anayesa mabawuti a mphete ya kumutu, koma dzimbiri linali litawagwira kalekale. Thabwa lina linalira kuti thee, ndipo onse anamva.

“Madzi akakwera chikhatho chimodzi, mutu uzuka,” anatero. “Mutu ukazuka, matabwa onse amwazika.”

Kenako anakwera m'boti, anakwawira chakumbuyo, napisa dzanja pansi. Anazula kamtengo kokulunga ndi labala kamene kankatseka bowo lotulutsira madzi. Madzi anayamba kubwebweta kulowa m'boti.

“Amayi, miyala iyo!” anakuwa, akuloza mulu wa miyala imene kampani inathira pafupi kuti ikonzere msewu. “Tengani m'madengu, thirani muno. Yambirani kumbuyo kuno.”

Palibe anasuntha. Mayi Ellen anagwira m'chiuno.

“Che Salehe, mwatipeza tikulira maliro amodzi, inu mukuti tikumbe manda? Timize boti ndi manja athu?”

“Mayi, likangodzaza madzi okha silimira. Liyandama m'munsimu, mitengo iyi izidzaligunda, unyolo uzidzalikoka. Likakhala pansi, unyolo ugona, mitengo idutsa pamwamba.” Anapukuta madzi kumaso. “Ku Chilwa ndinaona maboti ambirimbiri akufa. Palibe limene linafa ndi madzi. Onse anafa ndi dzuwa. Fulumirani, chonde.”

Amene anayamba kunyamula mwala anali a Isake. Anadzandira nawo, akunjenjemera ndi kuzizira, naupereka m'manja mwa mwini boti. Apo amayi aja anagwetsa madengu pansi. Madengu opangidwira masamba ofewa a tiyi anasenza miyala tsiku limenelo, ena mpaka kuphulika pansi. Anapanga mzere kuchokera pamulu kufika pamasitepe, mvula ikuwakwapula, ndipo Che Salehe ankalandira mwala uliwonse n'kuuika pamalo pake, uku ndi uku mofanana, kuti boti litsike chokhala, osati chogona cham'mbali. A Isake anali pafupi, ndipo anaona chimene ena sanaone: milomo ya mkuluyo inkatchula dzina la Mulungu pa mwala uliwonse. Munthu ameneyu ankakwirira boti la bambo ake, osadziwa ngati adzalionanso.

Kumbuyo kunatsika pang'onopang'ono. Kulira kwa matabwa kunachepa, kenako kunatha. Che Salehe anatuluka m'boti madzi ali m'khosi, anamasula chingwe chawo kubulugama, namangirira chigubu chopanda kanthu kunsonga kwake. Mphepete mwa boti munaoneka kamphindi ngati mzere wakuda, kenako panatsala madzi ofiira okhaokha ndi chigubu chachikasu chikuvina pamwamba. Pasanapite nthawi, chitsa chachikulu cha bulugama chinadutsa pamalo omwewo, chikutembenuzika, n'kukagunda khoma la kanyumba ka pampu mpaka malata ananjenjemera. Amayi onse anati “Mayo!” pamodzi.

“Lidzatuluka?” anafunsa a Isake ndi mawu osweka.

“Madzi sindikuwaopa,” anatero Che Salehe. “Ndikuopa matope. Akalikwirira kwambiri, basi. Mulungu ndiye adziwa.”

Anyamata a kampani anachotsa zinyalala pangalande patapita masiku awiri, koma mvula sinaleke msanga, ndipo damu linkatsika monyinyirika. Othyola tiyi anabwerera ku ulendo wawo wakale wozungulira, kudzuka kusanache, kufika kumunda atatopa kale. Palibe ananyoza a Isake pamaso, ndipo zimenezi zinkawapweteka kuposa kunyozedwa. Ngakhale mayi Ellen anasiya nthabwala zawo za mfundo ziwiri. Chakudya chinkawakanika a Isake. Usana wonse ankangokhala pamasitepe, maso pachigubu.

Che Salehe ankabwera m'mawa uliwonse, wapansi, kuzungulira damu pamodzi ndi anthu amene kale ankawawolotsa. Ankapereka moni, ankazika kabango pamene madzi alekezera, ankayang'ana ka dzulo, n'kubwerera kukathandiza akazi awo kugulitsa mandasi kumsewu. Sanatchulepo unyolo ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri a Isake analephera kupirira. Anabwera ndi mbuzi zawo zitatu, zonse zimene anali nazo, atazimanga chingwe chimodzi.

“Che Salehe, ndinalakwa. Tengani izi.”

Che Salehe anaziyang'ana mbuzizo, zitathinana makosi, ndipo kwa nthawi yoyamba chimirireni boti anaseka.

“Achimwene, mbuzi iwolotsa anthu angati? Bwererani nazo. Inu munalowa m'madzi osadziwa kusambira chifukwa cha boti langa. Abale anga enieni sanachitepo zimenezo.” Kenako anawonjezera kuti, “Ndiponso mlandu tigawane. Munandifunsa za chingwe, ine ndinakuyankhani mwambi m'malo mokuuzani. Pakamwa panga panalemera.”

A Isake anabwerera ndi mbuzi zawo, misozi ikulengeza. Anali ataonapo mabwana ambiri ndi makapitawo aukali, koma munthu wotere anali asanamuonepo, woti wamuphera chuma iye n'kumakugawira mlandu wako kuti usakulemere.

Mabango anayamba kutsika masitepe, lero chala chimodzi, mawa zala zitatu. Pa tsiku la makumi awiri ndi chimodzi, a Isake anaona kanthu kakuda katatulukira pafupi ndi chingwe cha chigubu. Anatsika, anakagwira. Linali thabwa la m'mphepete mwa boti.

Lamulungu lotsatira, anthu atatuluka m'matchalitchi, anasonkhana padamu osaitanidwa ndi kapitawo aliyense. Madzi anali m'chiuno. Boti linali litadzaza matope mpaka pakamwa, ndipo Che Salehe anapisa mkono m'matopemo. Kenako anati, “Tiyeni tione.” Amayi aja anabwera ndi madengu omwe aja, ndi mabeseni, ndi makasu. Anachotsa matope, anachotsa miyala umodziumodzi n'kuibwezera pamulu wa kampani, chifukwa a Isake, angakhale pa tsiku lotere, sakanalola mwala wa kampani usowe. Makaniko wa kufakitale anabwera ndi sowo nadula unyolo. Che Salehe anabwezera kamtengo kaja pabowo pake, ndipo anthu anayamba kukapa, zitini ndi mabeseni zikuwuluka.

Poyamba panalibe chochitika. Matope anali ataligwira pansi. Amuna asanu ndi mmodzi anaika mapewa, a Isake pakati pawo, naligwedeza uku ndi uku. Panamveka kuti fwaa, ngati ng'ombe ikuzula mwendo m'dambo, ndipo boti linadzuka n'kuyandama.

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Che Salehe sanakuwe nawo. Analizungulira boti, akulisisita thabwa ndi thabwa. Kumutu, pafupi ndi mphete, panali mng'alu wotalika ngati chala, pamene mutu unayambira kuzuka tsiku lija. Anawaonetsa a Isake mng'aluwo. Kwina konse kunali kwabwino.

Mayi Ellen ndi amene anaona chinacho. Anakwera m'boti kuti amalize kupukuta, anakhala pathabwa, nayang'ana pansi nthawi yaitali, chitini chili m'manja.

“Che Salehe, kodi madzi aja alowera pati? Mapazi anga ndi ouma!”

Matabwa anali atamwa madzi masabata atatu, atatupa, ndipo ming'alu yonse ya dzuwa la ku Chilwa inali itatsekeka. Che Salehe anakhala pansi pasitepe, anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, ndipo mapewa awo anagwedezeka. Anthu anawasiya alire.

Atadzuka anamasula chigubu kuchingwe. Anakwera nacho chingwecho mpaka pabulugama, koma sanamange. Anachipereka kwa a Isake.

“Mangani ndinu, achimwene.”

A Isake anachilandira ngati chotentha. Anazunguliza kumtengo, ndipo manja awo, mwa chizolowezi cha zaka makumi awiri ndi zitatu, anayamba kukoka. Boti linayamba kubwera. Anadzigwira. Anatambasula manja kamodzi, chingwe chinagwa pansi. Anatambasula kachiwiri, kenako kachitatu. Anayang'ana kumapiri, kumene mitambo inali isanatheretu, anayang'ana mzere wa matope umene madzi anasiya pakhoma la kanyumba kawo, pamwamba pa mutu wa munthu. Anatambasula kachinayi.

“Alamu, chingwetu chagona,” anatero mayi Ellen.

“Chisiyeni chigone,” anayankha a Isake, namanga mfundo yawo, ziwiri monga mwa masiku onse.